Mutu 6: Zenera Lokwana Kaphesi Yekha

1. Kapitawo wosadziwa njerwa

Kaphesi silinali dzina lake lenileni. Anamupatsa ndi anzake a kusukulu chifukwa cha kuonda, ndipo linamukanirira mpaka bambo ake omwe anayamba kumuitana choncho. Achimwene ake ankamunena kuti kukachita mphepo aziyenda ndi mwala m'thumba. Iye ankangoseka. Masiku amenewo m'nyumba mwawo munali kuseka.

Kusekako kunatha chaka chimene analemba mayeso omaliza a kusekondale. Mbava zinalowa m'nyumba imene ankachita lendi. Zinadzera pazenera lalikulu la pabalaza, limene bambo ake ankalikonda chifukwa linkalowetsa kamphepo. Bambowo anali dalaivala wa lole, munthu wamkulu thupi, wa mapewa odzaza khomo, ndipo sanafune kungoonerera katundu wawo akutuluka. Mbava ina inawamenya ndi chitsulo pamsana. Kaphesi anaona zonse ali kuseri kwa chitseko, atadzigwira pakamwa.

Madokotala anapulumutsa moyo, koma miyendo inakana. Bambo anabwerera kunyumba ali panjinga ya olumala. Mayi a Kaphesi anali atamwalira kalekale. Achimwene ake ankawasambitsa bambowo m'mamawa asanapite kokanyamula anthu panjinga yamoto, ndipo zotsala zonse zinali za Kaphesi.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Mwini nyumba naye anabwera kudzanena kuti akuifuna nyumba yake dzinja lisanafike. Mwayi wake, bambo anali atayamba kale kumanga yawoyawo kumapeto kwa tauni, ndipo khoma linali litafika m'chiuno. Madalaivala anzawo anasonkherana simenti ndi malata kuti aimalize.

Munthu woti ayang'anire ntchitoyo anasowa. Ndiye Kaphesi, mtsikana amene anali asanagwirepo njerwa chibadwire, anakhala kapitawo. Ukapitawo wake unali ndi mfundo imodzi yokha: m'nyumba iyi musadzalowenso mbava. Anawasankhira bambo ake chipinda cha kumapeto kwa kolido, kutali ndi msewu. Anauza achimwene ake, iwo n'kuvomera osafunsa zambiri.

Kenako anapita kwa wowotcherera kukapangitsa felemu ya zenera la chipindacho. Anaonetsa ndi manja kukula kwake, n'kusendezanso manjawo pang'ono.

"Achemwali, mukumanga khola la nkhunda?" anafunsa wowotchererayo akukweza magalasi ake akuda.

"Ingopangani mmene ndanenera," anayankha Kaphesi.

2. Kayezedwe ka amisiri

Amisiri amene ankamanga nyumbayo anali nkhalamba yaifupi, ya pensulo kukhutu ndi levulo yakale yoyezera khoma, yomangidwa ndi waya. Anthu a m'deralo ankawaseka chifukwa cha kachitidwe kawo kamodzi. Asanathire konkire pamwamba pa zenera la chipinda chogona, ankaimika felemu pakhoma n'kuuza mwini chipinda kuti atulukirepo iwo akuona. Amayi onenepa ankanyinyirika, abambo a mataye ankati alibe nthawi, koma amisiri ankangokhala pamulu wa njerwa n'kudikira. Popanda kutulukirapo, konkire sankathiridwa.

M'mawa umene Kaphesi anafika ndi felemu yake ataipachika m'dzanja limodzi, amisiri anaiyang'ana, n'kuyang'ana iye.

"Iyi ndi ya kubafa?"

"Ayi, amisiri. Ndi ya chipinda cha kumapeto. Muiike m'mwamba ndithu, poti munthu wa panja asamasuzumire."

Amisiri anaika chipande chawo chomangira pansi. Anamulozera chidebe chovundikira kuti akhalepo.

"Mwanawe, zimene zinaonekera bambo ako ndinazimva, ndipo mantha ako sindikuwaseka. Koma tchera khutu. Chipinda chogona chimakhala ndi makomo awiri. Loyamba ndi lija la chitseko, lolowera tsiku ndi tsiku. Lachiwiri ndi zenera, ndipo umapemphera kuti usadzalifune. Moto suyambira pamtsamiro pako. Umayambira kukhitchini, pabalaza, pawaya wa magetsi, ndipo pamene ukumva fungo umakhala utatseka kale njira ya kukhomo. Utsi umafika moto usanafike. Umakutseka m'maso, umakufoola mawondo, ndipo munthu wofooka sakwera khoma.

"N'chifukwa chake ngakhale malamulo a zomangamanga amanena za zenera limeneli. Likatsegulidwa, mapewa a munthu wamkulu azidutsa osapanikizika. Kutalika kwake kukhale koti munthu atawerama adutse, ndipo wobwera kudzathandiza athe kulowa. Pansi pake pasapitirire m'chiuno, kuti mwana kapena wodwala athe kuponyapo mwendo. Ukafuna zitsulo zotchingira mbava, ika, koma zikhale za mahinjesi, zotsegulira mkati popanda kufufuza kiyi mu utsi."

"Mbava nazonso zili ndi mapewa, amisiri," anatero Kaphesi.

"Zili nawo. Mbava imalowa, imatenga, nthawi zina imavulaza ngati mmene inachitira kwanu. Koma imatuluka, anthu n'kutsala. Ndili mnyamata tinkakhala moyandikana ndi wogulitsa nsapato wina amene anaberedwa mpaka kutopa. Anatseka mazenera ake onse ndi njerwa, n'kusiya timibowo tolowera mphaka. Anagona tulo tabwino zaka zambiri, sindikunama. Tsiku lina masana mbaula inagwira katani ya pakhomo. Ife tinathamangirako ndi nyundo. Tinkawamva akutiitana mayina mmodzimmodzi, iye ndi mkazi wake, dzanja lili panja pa kabowo. Khoma linali lolimba, poti analimangira mbava. Pamene tinkaliboola n'kuti ataleka kale kuitana."

Amisiri anatola chipande chawo n'kuchipukuta pathalauza.

"Ndiye ndiuze. M'chipinda cha kumapeto muzigona ndani?"

3. Bodza

Kaphesi anamva zonsezo. Sanali mwana wamwano, ndipo nkhani ya wogulitsa nsapato inamuchititsa nthumanzi. Koma moto umenewo anangoumva ndi makutu, pamene chitsulo chija anachiona ndi maso.

"Ndizigonamo ine," anatero.

"Nanga bambo ako?"

"Chipinda cha kutsogolo, pafupi ndi khomo lalikulu."

Amisiri anamuyang'anitsitsa kwa kanthawi. "Chabwino. Kumeneko ndiika zenera lalikulu, lotsika, ndipo khomo lake ndilikulitsa kuti njinga yawo izidutsa. Tsopano bwera utuluke tione."

Anaimika felemu ija pakhoma, pamsinkhu umene Kaphesi ankafuna, anyamata awo ataigwira uku ndi uku. Kaphesi anavula masilipasi. Anagwira khoma, anadumpha, analowetsa mutu ndi phewa limodzi, kenako linalo. Chitsulo chinamukanda m'nthiti koma sanadandaule. Anagwera panja pamulu wa mchenga, anyamata aja n'kuomba m'manja.

"Uyu angatulukire ndi pabowo la kiyi lomwe," anatero mmodzi.

Amisiri sanaseke. "Latsala pang'ono kukukana iwe wemwe. Sindikulikonda. Koma chipinda n'chako, watulukirapo ine ndikuona, ndipo mawu anga sindibweza. Ukadzakula thupi, kapena chipindachi chikadzasintha mwini, udzandiitane tidzagumule. Wamva?"

"Ndamva, amisiri."

Masana omwewo konkire anathiridwa. Kaphesi anabwerera kunyumba akuyenda mopepuka ngati wapambana mayeso. Zinali zomvetsa chisoni kumuona, chifukwa ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti wawachitira bambo ake chinthu chabwino. Sanawauze kanthu, iwonso sanafunse. Chivulalireni anali atasiya kufunsa za nyumbayo.

Patapita masiku, amisiri anamuitana kuti adzaone khomo la chipinda cha kutsogolo. Anatenga wilibala yodzaza mchenga n'kuikankha kulowa ndi kutuluka, osagunda paliponse. Nkhope yawo inali yowala ngati ya mwana.

"Waona? Bambo ako azilowa ndi kutuluka okha, osapempha munthu. Munthu wamkulu zimamuwawa kunyamulidwa ngati thumba. M'mawa azikhala pazenera apa n'kumaona magalimoto akudutsa, poti msewu ndiye unali moyo wawo."

Kaphesi anafuna kuulula bodza lake. Akananena tsiku limenelo, pulasitala anali asanapakidwe, simenti inalipo, amisiri analipo. Koma ankadziwa kuti akangonena, nyundo ipita pa kazenera kake. Anangonena kuti zikomo.

4. Tsiku losamuka

Pulasitala anauma, malata anakhomedwa, mitambo inayamba kusonkhana. Anasamuka Loweruka m'mawa, palole ya mnzawo wa bambo.

Achimwene a Kaphesi anakankha njinga ya bambo kudutsa pabalaza n'kulowa m'kolido. Inayenda bwinobwino mpaka pakhomo la chipinda cha kumapeto. Pamenepo mateyala anagunda felemu uku ndi uku. Anaibweza, anaipendeketsa, anayesanso, koma ayi ndithu. Khomolo amisiri analimangira mtsikana woyenda ndi miyendo yake. Za khomo Kaphesi anali asanaziganizire n'komwe, poti maso ake onse anali pazenera.

Anachita kuwanyamula, achimwene kumapewa, dalaivala uja kumiyendo, onse akupuma wefuwefu, mpaka kuwagoneka pabedi. Njinga inatsala m'kolido. Bambo anayang'ana khomo, kenako anakweza maso kuyang'ana kazenera kaja, kamene kankaponya pakhoma kuwala kochepa ngati mpango wa m'thumba.

Amisiri anafika chakumasana kudzatenga makwerero awo ndi kudzalonjera wodwala. Anapita kaye kuchipinda cha kutsogolo. Anapezamo telala akukhazika makina ake pafupi ndi zenera lalikulu lija, akuyamikira kuwala kwake. Anabwerera n'kutsata kolido mpaka kumapeto. Anawapatsa moni bambo mwaulemu, anawafunsa za msana, n'kutsanzika. Potuluka anapeza Kaphesi ataima pakhonde, akupotokola nsonga ya malaya ake.

"Unandinamiza," anatero motsitsa mawu.

"Ndimaopa mbava, amisiri."

"Ndikudziwa. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, mwanawe, ndipo iwe waimanga ndi manja anga. Munthu uja sangatuluke pakhomo popanda amuna awiri omunyamula. Pazenera sangatuluke ngakhale amunawo atachuluka bwanji. Kuti tikonze, pafunika kugumula konkire, kuchirikiza denga, kupeza felemu ina ndi simenti ina. Ine mawa ndikunyamuka. Ndapeza ntchito kutali, ndipo ndibwera mvula ikatha. Usadikire ine. Asamutseni lero lomwe, apite kutsogolo."

Kaphesi anathamangira kwa achimwene ake, amene ankatsitsa matiresi palole. Anawafotokozera zonse, ndi bodza lomwe, misozi ili m'maso.

"Iwe wemwe unati bambo azigona kumbuyo," anayankha achimwenewo. "Ine ndinaona chipinda cha kumsewu chikukhala chabe, ndinaikamo telala. Lendi yake ndi imene izigula mankhwala a bambo, ndipo yoyambayo yapita kale. Ndimuthamangitsa bwanji? Pabalaza ndigona ine ndi njinga yamoto, poti panja sindingaisiye. Kachipinda kako sikangakwane ndi bedi lawo lomwe."

"Nanga tikagumula khoma?"

"Ndi simenti iti? Anthu anatisonkhera kamodzi, mlongo wanga. Sitingapitenso kukawauza kuti tikufuna kugumula zimene anatimangira. Tayang'ana kumwambaku. Ukufuna bambo agone m'chipinda chopanda khoma mvula ili pamutu?" Anasenza matiresi. "Moto, moto. Nyumba zonse ukuzionazi zimapsa tsiku ndi tsiku? Usatiitanire tsoka."

Anayesa kwa telala. Anali bambo wofatsa, ndipo anamumvetsera mpaka kumapeto, singano ili pakamwa. Atamaliza anaichotsa singanoyo.

"Ndikukumvetsa, mwana wanga, koma kumene ndinali ndapereka kale makiyi. Ndikapita kuchipinda cha kumbuyoko, makasitomala andiona bwanji? Nanga ulusi ndiziulowetsa mumdima? Inenso ndili ndi ana."

Madzi akatayika saoleka. Kaphesi anatsala ataima pamsewu, akuyang'ana amisiri akupita pang'onopang'ono, makwerero ali paphewa.

5. Lonjezo

Chakumadzulo Kaphesi anawapititsira bambo ake madzi ndi mankhwala. M'chipindamo munali mutada kale ngakhale panja kunali kukadawala. Anafuna kutuluka msanga, koma bambo anamugwira padzanja. Manja awo anali adakali a dalaivala wa lole.

"Khala pansi. Nyumba yopanda siling'i sisunga mawu. Ndamva zonse."

"Bambo, ndikhululukireni. Ine ndimafuna..."

"Ndikudziwa chimene umafuna. Unali kuseri kwa chitseko tsiku lija, ndinakuona. Nanenso ndinagona chagada n'kusiyira mwana nyumba yonse, osafunsa ngakhale kuti mazenera aloza kuti. Mantha amaonetsa munthu chinthu chimodzi, zina zonse n'kumubisira. Pamsewu ndinaona madalaivala akuzemba kadzenje n'kukagwera mumtsinje. Ukamakula uzikumbukira izi: wamkulu akakufunsa funso pantchito yake, sakufuna kukuchititsa manyazi. Pali chimene akuona chimene iwe sukuona. Ukamunamiza, wathimitsa nyali ya munthu amene amakuunikira njira.

"Koma zimenezo zapita. Tsopano ndikufuna chinthu chimodzi. Mchimwene wako amachoka m'mawa n'kubwera madzulo. Telala ndi munthu wa kwina, amatseka akafuna. Nthawi zambiri tizikhala awiri. Zikadzavuta m'nyumba muno, iwe sungandinyamule. Usadzayese. Usadzandikoke, usadzakhale pambali panga ukulira. Ukadzakhala muno, kwera pabedi pano, ponda paphewa panga, utulukire apo. Ukadzakhala panja, usadzalowe. Ndinaika kale mayi ako m'manda. Sindikufuna anthu adzatole awiri m'chipinda chino."

"Musatero, bambo."

"Lonjeza."

Kaphesi anapukusa mutu. Dzanja lija linamufinya mpaka zala zinachita dzanzi. Bambo sanakalipe, sanabwereze. Anangodikira, maso ali pa iye.

"Ndalonjeza," anatero pomaliza. Mawu amenewo anamuwawa kuposa chilichonse chimene anakumana nacho chiyambireni mavuto awo.

Bambo anamusiya n'kutembenuzira nkhope kukhoma.

Madontho oyamba anayamba kugwa pamalata. Kaphesi atatuluka m'chipindamo anamva achimwene ake akulowetsa njinga yamoto pabalaza. Kenako anawaona akubwera m'kolido chafutambuyo, akukoka chigubu chachikasu cholemera. Anachikhazika pafupi ndi njinga ya bambo, pakhomo penipeni pa chipindacho.

"Petulo akusowa m'tauni," anatero akupukuta manja pamalaya. "Ndinagula wambiri dzulo atapezeka. Pabalaza padzaza katundu, ndipo kutsogoloko telala amayatsa simbi ya makala. Kuno ndiye kobisika. Akhala masiku ochepa chabe."

"Achimwene, apa ayi. Chonde."

"Nanga kuti? Panja, kuti abe?"



Mkati bedi linalira. "Kaphesi," bambo anaitana, "chikununkha kukolidoko n'chiyani?"

Iye anayang'ana chigubu, n'kuyang'ana khomo. Achimwene ake anali atabwerera kale pamvula kukatenga china.